Bwato la Mango la Munthu wa ku Usisya

Ndine wosema mabwato. Bambo anga analinso wosema mabwato, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzira nditaima kumbuyo kwawo ku Sanga kuno. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma kulemba ndimatha. Zimene ndikulemba pano ndi za bwato limodzi, mwina lomaliza kutuluka m'manja mwanga.

Mtengo wake unali wa mango. Anadzala ndi bambo kuseri kwa nyumba ine ndisanabadwe. Unagwa ndi mphepo ya mvula, masana, tikuona. Sunaphwanye kanthu kupatula thandala la mbale la mayi a kunyumba. Iwo ankadandaula za thandala lawo, ine ndikuzungulira thunthu, ndikuligogoda ndi msana wa nkhwangwa. Linali lolimba kuyambira kutsinde mpaka pamene nthambi zimayambira, lowongoka, lopanda mphako. Mitengo yotere kuno inatha. Ya m'nkhalango saloleza kudula, ya m'midzi anthu anacheka matabwa kalekale. Ndipo asodzi ambiri tsopano akufuna maboti a matabwa, a injini. Panali patapita zaka ndisanagwire kasemasema pa ntchito yeniyeni. Ndinkangomata ming'alu ya mabwato akale ndi phula.

Wosadziwa amayesa bwato ndi chipika chobowola basi. Si choncho. Bwato la kuno pakamwa pake ndi popapatiza. Msodzi sakhala m'kati. Amakhala pamwamba, pa milomo ya bwato, miyendo yokha ndiyo imalowa. Pakamwa pakakula, mwera ukadzuka madzi amalowa osapempha. Pakachepa, miyendo imapanikizika, ndipo bwato likagubuduzika munthu satuluka msanga. N'chifukwa chake bambo anali ndi lamulo. Mwini bwato abwere yekha, akhale pa chipika monga amakhalira pa madzi, umuyang'ane, kenaka udule bango loyeza miyendo yake. Bangolo limakhala pambali pa ntchito mpaka ithe, ndipo limapita ndi mwini wake m'bwato momwemo. Lamuloli sindinaliswepo. Chimene wasema sichibwerera pa mtengo.

Tsono za foni. Ine ndili ndi kanga ka mabatani, kolandirira mauthenga a maliro ndi a kutchalitchi. Ya mayi a kunyumba ndi ija yopanda mabatani, yosisita ndi chala. Anawatumizira ndi mwana wathu wamkazi amene ali ku Joni. Itangofika ndinaitcha galasi la miseche, ndipo miseche imadutsamodi. Koma maso ndili nawo. Mayiwa amagulitsa ufa wa kondowole ndi mpunga wa ku Limphasa. Kale ankakwera minibasi ndi beseni kupita ku Mpamba, kukhala padzuwa tsiku lonse, n'kubwerera nalo theka. Foni itabwera analowa m'gulu la amayi a geni, ogulitsa nsomba, ufa, nthochi ndi zina. Amajambula ufa uli pa mphasa, wofuna amanena, thumba limakwera minibasi lokha ndi kondakitala, malipiro n'kubwera pa foni pomwepo. Beseni linasiya kubwerera. Sindinawauze kuti ndaona, koma ndinasiya kudandaula akamatchaja foni pa sola ya wailesi yanga.

Tsiku lina ndikusadza nthambi za mtengo uja, anandijambula osandiuza, n'kuika chithunzi m'gulu lawo. Analembapo kuti wofuna bwato lenileni anene, mmisiri akadali moyo. Ndinamva kwa mayi wina pa msewu, amene anandiuza kuti ndaoneka bwino pa foni. Ndinafika kunyumba nditakwiya.

"Ndine usipa ine, kuti muzindiyanika pa msika?"

"Usipa umagulidwa, ada," anatero akupeta mpunga. "Inu mwakhala pa thandala zaka zingati osafunsidwa?"

Ndinawasiya. Tinakwatirana kalekale, ndipo ndimadziwa pamene mlandu wandithera.

Sipanapite nthawi, uthenga wa mawu unabwera. Unali wa bambo wina wa ku Usisya, amene anaona chithunzi pa foni ya mlamu wake wogulitsa nsomba. Analankhula mwaulemu. Anati akufuna bwato la munthu mmodzi, la mbedza ndi maukonde a machera, ndipo anamva kwa akuluakulu a kwawo kuti mabwato a banja lathu sang'ambika msanga. Zimenezo n'zoona. Za malipiro tinamvana mosavuta, ndipo sindizilemba pano. Ndinamuuza kudzera mwa mayi kuti abwere adzakhale pa chipika.

Anayankha kuti sangathe. Usisya ndi kutali, kumpoto, pansi pa mapiri. Ndinafikako kamodzi ndili mnyamata. Msewu wake nthawi ya mvula ndi woti galimoto imapemphera, ndipo pa madzi uyenera kudikira boti kapena sitima. Anati ayeza yekha miyendo, atumiza muyezo. Mawa lake kunabwera chithunzi cha bango lili pa mchenga.

Ndinatenga foni ija, ndinaiika pa thunthu. Bangolo linali lalifupi kuposa chala changa. Mayi anati ndidikire, anagwira galasi ndi zala ziwiri n'kuzitambasula, bango linakula. Anatambasulanso, linakulanso mpaka kutuluka m'galasi. Ndinawafunsa kuti pa mabango onsewa la mwini wake ndi liti. Anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke. Ndinati auzeni munthuyo kuti bango lokula ndi zala sindisemera bwato. Ngati kubwera sangathe, ajambulitse thupi lonse atakhala pa chipika, ndione kakhalidwe kake.

Chithunzi chinabwera. Munthu wa mapewa aakulu, wavala jekete, kuyambira pachifuwa kukwera m'mwamba. Ndinati miyendo. Chinabwera china, ataima kuseri kwa ukonde wopachika, wafika m'chiuno. Ndinatinso miyendo. Kunabwera uthenga wautali wonena kuti miyendo yake ndi ya munthu wamba, ndingosema monga ndimasemera aliyense. Palibe bwato la aliyense. Apo ndinayamba kukayika. Pa mafoni amenewa pamadutsa akuba, ndipo mnansi wathu wina anapusitsidwapo ndi munthu wa mawu okoma ngati omwewa. Kapena anali wogula kuti akagulitse kwa wina, ndipo bwato lotere likamiza munthu, dzina lotchulidwa limakhala la wosema.

Nthawi yonseyi thunthu silinkadikira. Kunja ndinali nditasema kale, mphuno ndi kumbuyo zitaoneka. Pamwamba ndinangotsegula kanjira kosaya, n'kuima. Mango akagwa safuna kuchedwa. Dzuwa likawomba pakati pa mvula, kumapeto kunayamba timing'alu. Ndinamata dothi, ndinafunditsa masamba a nthochi, ndinaika miyala pansi kuti chiswe chisakwere. M'mawa uliwonse ndinkavundukula n'kupeza kamng'alu katalikirako. Kunabweranso wocheka matabwa wa ku Chintheche, wa makina. Anazungulira thunthu n'kunena kuti mutuluka zitseko zabwino. Mtengo wa bambo anga kusanduka zitseko za anthu osawadziwa. Komabe kusiyana n'kuti uwole ndikuyang'ana, ndinamuuza kuti abwere Sabata likadutsa.

Mayi anamva. Anafunsa m'gulu lawo, mlamu uja anawapatsa nambala ya mkazi wa munthuyo, ndipo amayi awiriwo analankhulana ine ndili kumunda wa chinangwa. Nditabwera anandipatsa madzi, anadikira kuti ndikhale, ndipo anandifotokozera.

Munthuyo anali msodzi kuyambira ubwana. Anapita ku Joni monga amapitira ambiri kuno, anagwira ntchito yomanga, ndipo anagwa kuchokera pamwamba. Bondo lamanja linapola, koma silipinda. Mwendo ndi wowongoka ngati mtengo. Atabwerera kwawo, a maboti a chilimira anamukana, chifukwa kukoka ukonde kumafuna woima ndi miyendo iwiri. Anapita kwa wosema wina wa kufupi ndi kwawo. Ameneyo atangomuona akubwera anamuuza kuti nyanja inathana naye, akakhale pansi azisoka maukonde a anzake. Ndiye ataona chithunzi changa anaganiza kuti uyu ali kutali, sadzaona mwendo. Mkaziyo anapempha kuti mwamuna wake asadziwe msanga kuti waulula.

Kunena zoona, wosema mnzanga uja sindinamuweruze. Ukamusemera munthu wotere, n'kukagubuduzika pakati pa nyanja mwendo utakodwa m'kati, amasiye amayang'ana iwe. Koma kukana munthu usanamuone atakhala pa chipika, limenelonso si lamulo la bambo. Mayi anati foni yawo imatha kuimba moonana, monga amachitira ndi mwana wa ku Joni. Ndinati chinsinsi cha mkaziyo sichingasungike, auzeni munthuyo kuti za mwendo ndamva, ndipo sindinavomere, sindinakane. Akhale pa chipika ndimuone.

Munthuyo anazengereza. Mkazi wake anatiuza kuti anakwiya, sanadye. Kenaka anavomera. Kumudzi kwawo netiweki imavuta, yokwanira kuonana imagwira pamtunda, pa phiri. Tinapangana m'mawa wa Loweruka. Ine ndinavala malaya a kutchalitchi, mayi n'kundifunsa ngati ndikukafunsira mbeta. Tinakhala pa thunthu penipenipo.

Foni inalira, ndipo nkhope inadzaza galasi. Anali akupuma mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake kunkaoneka nyanja ili pansi kutali, ndi madenga ang'onoang'ono. Ndinazindikira kuti phiri lonselo wakwera ndi mwendo umenewo. Mkazi wake anasenza mtondo wosinjira kuti ukhale chipika, iye ananyamula nkhafi ndi mtolo wa mabango. Tinapatsana moni. Anayamba kupepesa, mawu ambirimbiri. Ndinamudula, ndinati apereke foni kwa mkazi wake. Mkaziyo anailozetsanso kunkhope.

"Ama, tsitsani foni," ndinatero. "Nkhope ya amuna anu ndaiona mokwanira. Sindisemera nkhope."

Anaseka onse awiri, ndipo manyazi anachepa. Anagoneka mtondo cham'mbali, iye anakhalapo. Mwendo wamanzere anapinda bwinobwino, wamanja unatambalala kutsogolo. Ndinati apalase. Anayamba kupalasa mphepo ndi nkhafi. Chithunzi chinkaima, munthu n'kuuma nkhafi ili m'mwamba, kenaka n'kudumpha. Mayi ankakweza foni, kuitembenuza, kunyoza netiweki. Koma ndinaona zimene ndinkafuna. Mapewa anali a msodzi, nkhafi inkalowa moyenera. Vuto linali limodzi. Akakoka, chidendene cha mwendo wowongokawo chinkatsetsereka kutsogolo posowa pogwira, thupi n'kupotoka. Pa madzi, kupotoka kumeneko ndiko kumagubuduza bwato.

Ndinauza mkaziyo kuti atsamiritse foni pa mwala, apite akaponde pansi kutsogolo kwa phazi la mwamuna wake, phazilo litsamire pa lake. Anachita. Ndinati apalasenso. Thupi linawongoka. Anakoka kachiwiri, kachitatu, mwamphamvu, mpaka mkazi anadandaula kuti amuthyola chala. Iye mwini anamva kusinthako, chifukwa anasiya kupalasa n'kuyang'ana phazi lake.

Ndinamufunsa ngati amasambira. Anati m'mawa uliwonse, ndipo m'madzi mwendowo suvuta, umangotsatira. Mkazi anavomereza. Ndinamufunsa mbali imene amakonda kuponyera mbedza. Kenaka ndinayamba kulamula mabango. Lina kuchokera pokhalira mpaka pachidendene. Lina m'lifupi mwa ntchafu ya mwendo wowumawo, pamene idzadutse pa mlomo wa bwato. Lina la miyendo yonse pamodzi. Mkaziyo ankayeza ine ndikuyang'ana, ndipo pamene analakwitsa ndinamubweza. Ndinati lililonse alimange kansalu ka mtundu wake, kuti ndisasokoneze.

Atatha, munthuyo anatenga foni. Nthawi iyi sanachulutse mawu.

"Ada, mundisemera?"

"Tumizani mabango. Asathyoke."

Mabangowo anawakulunga m'chitenje chakale. Anakwera boti ndi mlamu uja mpaka ku boma, anapatsidwa kwa kondakitala wa minibasi, ndipo mayi anakawalandira pa msewu. Ulendo wonse amayi a m'gulu ankauzana pamene afika, ngati akuperekeza mkwatibwi. Wina analemba kuti sanaonepo mabango okwera minibasi pa mpando wakutsogolo. Wocheka matabwa anabwera pa tsiku lake. Ndinamupatsa nthambi zazikulu kuti asabwerere chimanjamanja, thunthu ndinamuuza kuti lili ndi mwini.

Ndinasema. Thupi linali litaiwala, msana unandikumbutsa zaka zanga, koma manja sanaiwale. Timing'alu ta kumapeto ndinatidula, bwato linafupikako pang'ono, osati moononga. M'kati, pamene bango lalitali linathera, ndinasiya mtengo wosasema, chotupa ngati chulu chaching'ono, choti chidendene chizitsamira. Chinthu chotere sungachikhomere pambuyo. Msomali pansi pa bwato ndi khomo la madzi. Chimayenera kutsala pa mtengo womwewo, ndipo ndikanasema monga ndimasemera ena, chikanapita ndi zipalapala tsiku loyamba. Mlomo wa kumanja ndinaukuza pamalo amodzi okha, pa ntchafu, ndipo ndinausalaza kuti mwendo uzituluka mosakodwa. Kwina konse ndinasiya popapatiza.

Mayi ankajambula ntchito ikamapita n'kutumiza. Mwini bwato ankayankha ndi mauthenga aatali, ofotokoza za mphepo ya kwawo, za ana ake, za kampango amene anagwira ali mnyamata. Ndinkauza mayi kuti munthuyu amalankhula ngati wailesi. Koma ndinkamvetsera mpaka kumapeto, ndikunola kasemasema.

Bwato litatha tinaliyesa pa madzi kuno. Linakhala bwino. Amuna a m'mudzi anasuzumira m'kati n'kufunsa ngati ndaiwala kumaliza. Boti la injini lopita kumpoto ndi katundu linavomera kulikoka. Ndinaika mabango m'kati, omangidwa ndi tinsalu tawo, monga mwa lamulo. Linachoka m'mawa, nyanja ili bata.

Kenaka kunali zii. Uthenga wakuti lafika unabwera, koma wina osabwera. Mwera unali utayamba. Masiku anapita. Ndinkapita kumunda n'kubwerera, osafunsa. Mayi ankadziwa, ndipo ndikangolowa pabwalo ankanena okha kuti palibe. Ndinayamba kuwerengera zolakwa zimene ndikanachita: mwina chopondera chatalikira, mwina mlomo ndinaukuza mopitirira. Munthu woyezedwa pa mtondo, pamwamba pa phiri, kudzera m'galasi. Bambo akanati chiyani?

Tsiku lina masana ndikukonza mpini, mayi anabwera ndi foni n'kuiika m'manja mwanga. Kunali kanema. Mkazi uja ndiye ankajambula, chifukwa mawu ake ankamveka pafupi. Munthuyo anakankha bwato, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, anakhala pa mlomo, ananyamula mwendo wowumawo ndi manja n'kuulowetsa. Ndinaona phazi likufufuza, kenaka likuima. Anatenga nkhafi. Mafunde analipo, osati aang'ono. Bwato linakwera loyamba, linatsika, linakwera lachiwiri. Thupi silinapotoke. Anapita mpaka kuchepa, anatembenuka, anabwerera. Pofika kumtunda anatulutsa mwendo mosavuta, n'kukweza nkhafi m'mwamba. Anachedwa kutumiza chifukwa mkazi anadwala malungo, ndipo iye sankafuna kujambulidwa ndi wina.

Ndinauza mayi kuti abwezerenso poyamba. Anabwezera. Ndinatinso abwezere. Anandifunsa ngati bandulo ndigula ine. Kenaka anandionetsa podina, ndipo ndi tsiku limenelo ndinaphunzira kugwira foni yawo.

Pa kuonera kwachinayi kapena kwachisanu ndinaona kanthu. Bwato linkapendekera pang'ono kumanja, mbali ya mwendo wolemerawo. Wina sakanaona. Ndinauza mayi kuti atsegule pojambulira mawu, ndilankhule ndekha. Unali uthenga wanga woyamba.

"Ada, ndaona. Mwakhala bwino. Ikani mwala kumanzere, kumbuyo kwa phazi, waukulu ngati papaya. Mwera ukakula musapikisane nawo."

Anayankha ndi mawu ambiri monga mwa chizolowezi chake, koma oyamba anali othokoza, akuti yewo ada, ndipo anawabwereza. Patapita nthawi kunabwera kampango wowamba, wokulunga m'pepala, pa minibasi yomwe ija.

Mpaka lero munthuyu sindinamugwirepo chanza. Mwina sindidzamugwira, chifukwa ine phiri la ku Usisya sindingalithenso, ndipo iye tsopano ali ndi ntchito. Foni ija ndimaitchabe galasi la miseche, koma ndimaiyamika. Ikanapanda iyo, mtengo wa bambo ukanakhala zitseko, ndipo munthu uja akanakhala pa mchenga akusoka maukonde a anzake. Ndimayamikanso mayi a kunyumba, ngakhale izi aziwerenga pano, pakamwa sindinawauze.

Kanema uja anazungulira m'magulu, ndipo ena atatu kapena anayi afunsa mabwato. Ndimawauza kuti apeze kaye mtengo, ndipo akaupeza ndione miyendo. Mayi amauza anzawo kuti amuna awo anakalamba bwino, amuna ena amapempha zithunzi za atsikana pa foni, awo amapempha miyendo ya asodzi. Ndimawasiya anene.

Mwala uja anauika. Ananditumizira chithunzi chake uli m'bwato. Ndinaukuza ndi zala ziwiri, ndinauyang'ana bwino, ndipo ndinamuuza kuti wachepa, apeze wina.